Funsani Wojambula: Kodi Phiri Lingandilipirire Lendi?

FUNSO

Bambo wojambula, ndine mnyamata wa zaka 26, ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulaiveti. Loweruka lililonse ndimakwera phiri la Zomba kukajambula ndi foni, ndipo ndikaika zithunzizo pa Facebook anthu amandiyamikira kwambiri. Ndasungako kandalama. Maganizo anga ndi oti teremu ino ikatha ndisiye ntchito, ndigule kamera, ndizingojambula mapiri, nyanja ndi mathithi. Za maukwati ndi zinkhoswe ayi, mtima wanga suli kumeneko. Mayi anga akuti ndazungulira mutu. Kodi ntchito imeneyi ingandidyetse?

Mphunzitsi, Chinamwali

YANKHO

Aphunzitsi, choko musachitaye kaye. Mwina mayi alankhula mokhadzula, koma chilipo chimene akuchiona. Ine amene ndikukuyankhanine lendi ndimalipira ndi maukwati, zinkhoswe, tizithunzi ta pa ziphaso, ndi ana a ku Chanco tsiku lovala mikanjo. Phiri limandipatsa ndalama, sindikana, koma limapereka mwa apo ndi apo, ndipo linayamba kupereka nditalikwera zaka zambiri ndi ndalama ya m'thumba mwanga.

Mkwatibwi amalipira chifukwa pachithunzipo pali nkhope yake, ndipo tsikulo silibweranso. Phiri la Zomba aliyense m'tauni muno amaliona ulele akangotsegula chitseko. Anzanu a pa Facebook aja amakukondani zoona, koma tayesani kuwauza kuti chithunzi chija mwachitsukitsa, chili m'felemu, abwere ndi ndalama. Ambiri angoti tionana mwezi ukatha. Ogula zithunzi za malo ndi ena: eni malo ogona alendo, makampani ndi mabanki okonza makalendala, mabungwe ofuna chithunzi cha pachikuto cha lipoti, magazini, ndi abale athu a ku Joni kapena ku London amene kwawo kwawasowa, akufuna Chilwa pakhoma. Anthu amenewa ndi ochepa, ndipo sagula chithunzi chimene mlendo aliyense angachitole ndi foni atangotsika galimoto masana pa Ku Chawe. Amafuna chimene sangachipeze kwina, ndipo chimenecho amakhala nacho munthu wodziwa tsiku ndi ola limene malo ake amaoneka bwino. Pamenepa inu wa pa Chinamwali mumamuposa mlendo wobwera ndi kamera ya mamiliyoni kudzagona masiku awiri.

Titenge Emperor's View, malo oonera kutali pamwamba pa phiri la Zomba, paja anaimapo mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Malowa, pamodzi ndi Queen's View chapafupi pomwepo, amayang'ana kuchigwa cha Phalombe, ku Chilwa ndi ku Mulanje. Ndiye kuti m'mawa dzuwa limakuwombani kumaso. Mukafika kusanache mupeza zokoma: madzi a Chilwa ayamba kale kufiira pamene kumtunda kukadali mdima, timapiri ta m'chigwa tili bii, nkhungu yagona m'madambo, apo ndi apo utsi wa moto woyamba wa m'makomo ukukwera mowongoka. Koma ikangokwana 7 koloko zonse zayera mbuu, ndipo Mulanje wangotsala mthunzi. Mukafuna Mulanje woonetsa matanthwe ndi zigwembe zake, pitani chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ku Dzenje la Chingwe, mbali yoyang'ana chigwa cha Shire, zinthu zimatembenuka: chigwacho chimaoneka bwino dzuwa litakwerako pang'ono, ndipo madzulo n'kojambulira dzuwa likulowa.

Dzuwalonso silitulukira pamodzimodzi chaka chonse. Mu Juni limatulukira chakumpoto, mbali ya mapiri a Chikala, cha m'ma 6 koloko. Mu Novembala ndi Disembala limasunthira chakummwera, ndipo 5 koloko ikamakwana lili m'njira kale. Kuwala kofewa kuja kwathu kuno sikukhalitsa, theka la ola likakwana kwatha. Choncho wa kabaza muzipangana naye dzulo lake, ndipo kumtunda kuja mumdima musamayende nokha. Tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo aja. Amadziwa njira zachidule, amadziwanso pamene mitengo yagwetsedwa sabata yatha, pamene mwina patseguka malo oonera kutali amene chaka chatha kunalibe.

Nyengo ndiye nkhani yaikulu, ndipo ambiri amaimva mozondoka. Amaganiza kuti chilimwe, poti kulibe mvula, ndiye nthawi yojambula. Kwa wojambula zakutali, Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yowawa. Osaka mbewa atentha tchire, ososa atentha mapesi, fumbi lili m'mwamba, ndipo Mulanje ndi mamita ake 3,002 a Sapitwa amatha kusowa masiku ambiri ngati kulibe phiri. Kumayera mvula ikatsuka kumwamba: tsiku lotsatira chimvula cha mu Januwale, makamakanso mu Epulo ndi Meyi, mvula ikusiya koma dziko likadali lobiriwira, mathithi a Williams ndi a Mandala akadali odzaza. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, anthu n'kubisa makamera. Ine ndipamene ndimalowa m'paini cha ku damu la Mulunguzi kapena la Chagwa, chifukwa nkhungu imafufuta zonse zosokoneza maso, n'kukusiyirani mitengo isanu ndi kanjira kamodzi. Ngakhale Okutobala sindimutaya. Dzuwa lolowa mu utsi limakhala lofiira, lobulungira bwinobwino, ndipo m'misewu ya kumtunda kwa tauni, kumene kuli nyumba zakale za boma za nthawi ija Zomba linali likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, majakaranda amakhala atachita maluwa. Mwezi umenewo siyani zakutali, jambulani zapafupi.

Zimenezi pa YouTube simukazipeza, poti ophunzitsa kumeneko amakamba za nyengo ya kwawo. Inu ndinu mphunzitsi, kope simulisowa. Lembani tsiku, ola, pamene munaima, kumene dzuwa linatulukira, ndi mmene kunachera. Pakatha chaka kopelo lidzakuuzani Loweruka loyenera kukwera ndi loyenera kugona.

Tsopano chimene ndikufuna muchigwire kwambiri. Zithunzi za malo zili ngati chimanga cha m'nkhokwe, mtengo wake umakwera chikakhala kuti kwa ena chatha. Onani Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, ndiye imakula ndi kuchepa motsata mvula. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ong'aluka ku Kachulu. Mvula ya mu Malichi 2019 inabwezera madzi, kenako namondwe Freddy mu Malichi 2023 anawonjezera. Wojambula amene wakhala akuima pamalo amodzi, pafupi ndi mtengo umodzimodzi, kuyang'ana chilumba cha Chisi chaka ndi chaka, ali ndi katundu amene bungwe la zachilengedwe, wofufuza wa ku yunivesite kapena mkonzi wa nyuzipepala sangamutume munthu kukajambula lero, kaya ali ndi ndalama zochuluka bwanji. Nyanjayi inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1997, ndipo olemba za iyo satha. Phirinso chimodzimodzi. Mbali zina zimene tinkazidziwa zili paini wothithikana lero zameta mpala. Musamangojambula zokongola zokha. Zitsa, njinga zotsika ndi nkhuni zosanjikizana mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, madzi a m'damu atatsika mu Novembala, zonsezo tolani. Chithunzi chilichonse chikhale ndi tsiku ndi dzina la malo, ndipo muchisunge pawiri, pa kompyuta ndi pa hard drive ina yosakhala m'chikwama chomwecho. Chithunzi chosadziwika tsiku wofufuza alibe nacho ntchito.

Ku Kachulu kuli mwambo wake. Musatulutse kamera musanapereke moni. Onanani ndi a komiti ya padoko kapena amfumu, nenani chimene mwadzera. Asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba tija ta pamadzi pakati pa njedza, atopa nawo anthu obwera kudzawajambula n'kusowa. Mukatsukitsa zithunzi ziwiri zitatu n'kukawapatsa ulendo wotsatira, tsiku lina adzakudzutsani okha kuti bwato likunyamuka 4 koloko, tiyeni. Ndipo m'tauni muno kamera isaloze ku Cobbe Barracks kapena kunyumba ya boma. Kumeneko luso lanu silikakupulumutsani.

Za kandalama kanu. Makamera amagulidwa ndi madola, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yatsopano ndi ya anthu ena. Musadandaule nazo. Kamera yogwiritsidwapo kale ntchito ngati Nikon D3200, ya mamegapikiselo 24, kapena inzake ya Canon ya msinkhu womwewo, ikukwanirani. Kutsukitsa chithunzi cha A3 chooneka bwino kumafuna mamegapikiselo pafupifupi 17, ndiye muli kale pamwamba. Pogula, funsani kuti yajambula kangati chigulireni, kenako chotsani lenzi, muunike mkati mwake ndi tochi ya foni. Mukaona timizere toyera tonga ulusi, chimenecho ndi chuku, bwezani. Zomba ndi yachinyontho, ndipo chuku chimadya lenzi nthawi ya dzinja. Kunyumba kamera muziisunga m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Ndalama ikatsala, musathamangire lenzi yachiwiri, gulani tripod yolimba, choimikapo kamera cha miyendo itatu, chifukwa m'bandakucha dzanja limanjenjemera ndipo kumtunda kuli mphepo. Kenako fyuluta ya polarizer, yochotsa kunyezimira pamadzi ndi pamasamba. Lenzi yokoka zakutali, ya 55-200 kapena 70-300, ibwere pambuyo. Ndi imene imasanja timapiri ta m'chigwa kutsogolo kwa Mulanje. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yatola), ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, ndipo kabowo kolowera kuwala mu lenzi mukaike pa f/8 kapena f/11. Za drone muziiwale kaye, ndi yodula ndipo kuiulutsa pa malonda kumafuna chilolezo cha a zandege.

Mukayamba kugulitsa, chimene mukugulitsa ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi, chithunzicho chimakhalabe chanu. Zilembedwe papepala: achiika pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo kodi mungagulitsenso kwa ena. Wofuna kuti chikhale chake yekha alipire zambiri. A makalendala muziwafikira mu Julayi kapena Ogasiti ndi zithunzi 12 zosankhidwa kale, chifukwa pofika Novembala amakhala atapita kale kosindikiza. Pa intaneti pali misika ya zithunzi ngati Shutterstock, koma kumeneko chithunzi chimatha kukubweretserani masenti 10 a dola munthu akachitenga, ndiye muwerengere nokha mabandulo amene mungathe pokweza zithunzizo. Ndipo mudzakumana nawo ambiri onena kuti ndalama palibe koma tikutchulani dzina. Ngati ndi sukulu ya kwanu kapena mpingo wanu, zili kwa inu. Ngati ndi kampani yolipira wosindikiza ndi wokonza tsamba, ikulipireni inunso.

Maukwati mwawanyoza msanga. Masiku ano akwati ambiri amafuna zithunzi za ku Botanical Gardens kapena ku damu la Mulunguzi ukwati usanachitike, ndipo ojambula ambiri amawaimika padzuwa la 12 koloko, maso ali tsinzitsinzi, thukuta lili kamukamu. Inu wodziwa kuti pa damu paja kuwala kumakoma 4 koloko madzulo, ndi mbali yoimikira anthu kuti phiri likhale kumbuyo kwawo, mudzawalanda makasitomala. Ukwati umodzi ungakulipirireni maulendo angapo a ku Kachulu.

Ndiye pitirizani kuphunzitsa. Ntchito yanu ndi yabwino kwa wojambula kuposa mmene mukuganizira: Loweruka ndi lanu, ndipo holide ya Isitala imagwera nthawi yomwe dziko limaoneka bwino koposa. Kalata yosiyira ntchito mudzalembe kamera ikadzakulipirirani lendi ndi chakudya chaka chathunthu, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene maukwati amasowa ndipo ndalama za anthu zathera ku feteleza ndi fizi. Mayi mukawauze kuti ntchito simukusiya, ndipo chithunzi choyamba kutsukitsa chikhale cha pakhoma pawo.

FUNSO

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa zovala ku Domasi. Kamera ndilibe, ndimajambula ndi foni pongosangalala. Ndinapita ku mathithi a Williams koma madzi anangotuluka oyera mbee, osaoneka bwino, pamene za anzathu madzi amaoneka osalala ngati akutsetsereka. Amachita bwanji? Komanso ndikatumiza pa WhatsApp kuti anditsukire, zimatuluka zosaoneka bwino.

Mayi wa ku Domasi

YANKHO

Mayi, foni yanuyo ingathe, bola musinthe nthawi yopitira. Ndikukhulupirira munafika masana dzuwa lili pamutu. Nthawi imeneyo madzi amawala kwambiri pamene miyala ndi mitengo zili mumthunzi, ndipo foni imalephera kugwira zonse ziwiri. Mathithi amafuna tsiku la mitambo, kapena m'mamawa dzuwa lisanalowe m'khwawamo.

Madzi osalala aja amabwera kamera ikakhala chotsegula kwa kanthawi, madzi n'kumayenda koma china chilichonse chili phee. Pa mafoni ambiri a Android, mukatsegula kamera pali polembedwa Pro. Pamenepo tsitsani ISO mpaka pa nambala yotsikitsitsa, 50 kapena 100, ndipo shutter, nthawi imene kamera imakhala chotsegula, muiike pa 1/4 kapena theka la sekondi. Chithunzi chikayera kwambiri, ndiye kuti kukadali kowala, dikirani mpaka kuwala kuchepe kwambiri kapena bwererani ku 1/8. Pa iPhone jambulani ndi Live, kenako musankhe Long Exposure. Chovuta ndi chakuti foni isagwedezeke ngakhale pang'ono, ndipo m'manja sizitheka. Tengani sokosi yakale, thiranimo mpunga kapena nyemba, mangani kukamwa. Ikani pamwala, khazikani foni pamenepo, tcherani timer ya masekondi awiri kapena atatu, chotsani dzanja. Pukutani kagalasi ka kamera musanajambule chilichonse, chifukwa timadontho ta mathithi timagwerapo osaoneka, n'kuchititsa chithunzi chonse kuoneka cha utsi. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire. Sunthani ndinu, koma mosamala, miyala ya pamenepo ndi yoterera ndipo nsapato za pulasitiki sizigwira.

Za WhatsApp, imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndiye wotsuka amalandira kachidutswa chabe. Potumiza sankhani Document m'malo mwa Gallery, kapena pitani ndi foniyo akakopere ndi chingwe.

FUNSO

Malo ena ogona alendo atenga chithunzi changa cha damu la Mulunguzi pa Facebook n'kuchiika pa chikwangwani chawo ndi pa tsamba lawo osandipempha. Nditawaimbira anati zinthu za pa intaneti ndi za aliyense. Nditani?

Wophunzira, Matawale

YANKHO

Achimwene, akunamizani. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza zithunzi, ndipo umwini umayamba pomwe mwajambulapo. Kuika pa Facebook sikupatsa wamalonda aliyense ufulu wochitenga n'kumatsatsira bizinesi yake.

Musayambe ndi kuwanyoza pa intaneti, mungadzipezere mlandu wina. Sonkhanitsani kaye umboni: jambulani chikwangwanicho, tengani screenshot ya tsamba lawo yoonetsa tsiku, ndipo sungani chithunzi chenicheni cha m'kamera kapena m'foni, chimene chimasunga tsiku ndi mtundu wa chojambulira. Ngati muli ndi zina zimene munajambula mphindi yomweyo, cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, zisungeninso, chifukwa wokopera amakhala ndi chimodzi chokha. Kenako lembani kalata yaulemu yopita kwa mwini malo kapena manijala, osati kwa wolandira alendo amene anakuyankhani pafoni uja. Nenani kuti chithunzicho ndi chanu, ikanimo invoisi ya mtengo umene mukanawalipiritsa akanapempha, ndipo apatseni masiku 14 kuti alipire kapena achichotse. Kalata ina ikhale yanu, asayinepo kuti alandira. Nthawi zambiri mwini malo sadziwa n'komwe. Amakhala kuti anatuma mnyamata wokonza zikwangwani, iye n'kungotola pa intaneti. Akakanabe, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, kapena kwa loya, mutanyamula mapepala onsewo.

Popita ndi kalatayo nyamulaninso zithunzi zina zisanu za phiri, chifukwa anthu amenewa aonetsa kale kuti ntchito yanu amaifuna, ndipo zipinda zawo zili ndi makoma. Kuyambira lero, zoika pa Facebook muzizichepetsa kukula, mbali yaitali isapitirire mapikiselo 1,200, ndipo dzina lanu likhale pamalo ovuta kudula. Chithunzi chaching'ono chotero pafoni chimaoneka bwino, koma wofuna kuchikuza pa chikwangwani adzayenera kukuimbirani.